Momwe Nsomba Zinakwerera Mapiri a Ntcheu

Agogo anga aakazi, Mngoni wa kufupi ndi Lizulu, anamwalira asanalaweko nsomba. Ankati ndi chakudya cha anthu a kunyanja, ndipo mphika wophikira usipa sunkaloledwa kukhudza ziwiya zawo. Khalidweli silinali lawo okha. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, anabwera ndi mwambo wa kwawo kummwera: ndiwo za munthu wolemekezeka ndi nyama ya ng'ombe, uwende ndi mkaka wowawasa. Nsomba ankaisala.

Koma Achewa amene Angoniwo anawapeza kuno ankaidziwa bwino mitsinje yathu. Mvula yoyamba ikagwa, Livulezi ndi Bwanje akadzaza, ntchila ndi ningwi zinkachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje kukaswana. Amuna ankatchinga madzi ndi mabango n'kutchera miono, ndipo chilimwe amayi ankakokolola matemba m'maiwe ndi nsalu. Ena ankasinja masamba a ombwe n'kuthira m'madzi kuti nsomba ziledzere. Ntchila, ningwi, mpasa, sanjika, matemba ndi usipa ndi abale a nsomba ya carp imene anthu a ku China akhala akuweta m'maiwe kuyambira kalekale.

Chimene chinasintha mbale ya Mngoni ndi ukwati, umphawi ndi msewu. Angoni anakwatira akazi Achichewa, ndipo mwana amadya chimene mayi wake waphika. Gomani Chikuse, mfumu ya Angoniwo, ataphedwa ndi atsamunda mu 1896, nkhondo zofunkha ng'ombe zinatha, makola anayamba kuchepa, nyama inasanduka ya pamaliro ndi paukwati. Kenako njanji inadutsa m'chigwa cha Bwanje, kudzera ku Bilila ndi Sharpevale, n'kufika ku Salima mu 1935. Anyamata a njinga nawo ankatsika ku Golomoti atanyamula nyemba ndi mbatatesi, pobwera ali ndi mitanga ya nsomba zouma, akukankha njinga pachitunda mpaka thukuta kamukamu. Malume anga anagwira ntchito imeneyi, ndipo ndalama ya usipa ndiyo inalipira sukulu ya mayi anga.

Matemba ambiri amene tinkagula pamsika wa Kampepuza ankachokera ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayo itauma mu 1968, n'kudzaumanso mu 1995, mabanja a kuno anamva kuwawa kwake pamphika, ngakhale ambiri anali asanaione ndi maso.

Nkhani yondipweteka ndi ya ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inali nsomba yaikulu pamalonda, yotsatira chambo. Maukonde a nayiloni atafika, asodzi ankaitchera pamathiriro a mitsinje ili ndi mazira m'mimba, ndipo pofika m'ma 1960 inali itayamba kusowa. Mlanduwu si wa asodzi okha. Ntchila imafuna mtsinje wokhala ndi madzi okwanira, kuti tiana take tikule tisanatsikire kunyanja. Ife a kumtunda tinagwetsa mitengo kuotcha makala, tinalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, dothi lathu n'kukwirira malo oswanirana. Mtsinje wosefukira tsiku limodzi n'kuphwa sabata yotsatira sungalere nsomba.

Lero usipa ndi bonya ndizo zatsala pamulu wa munthu wosauka, ku Tsangano, ku Lizulu ndi pa boma. Mwana wa ku Ntcheu amakula ndi nsombazi, chifukwa amadya ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. N'chifukwa chake ndimakana ndikamva anzanga akuti za nsomba ndi za anthu a ku Mangochi. Madzi amene nsombazo zimabadwiramo amayambira m'minda yathu. Mafumu athu akamaletsa kulima m'mbali mwa Livulezi, tiziwamvera, ndipo tibzale nsungwi ndi mikuyu m'magombe. Ntchito yoteteza ndiwo za ana athu iyambire kuno kumapiri.