NJANJI NDI MUDZI WA LUSAAKA

Nthawi zina pa siteshoni ya Lusaka pamafika sitima yacilendo ya ngolo zobiriwira, yocokera ku Cape Town kunka ku Dar es Salaam. Eni ace ndi a Rovos Rail, ndipo ulendo wace umatha ngati milungu iwiri. Okweramo ndi anthu a ku Ulaya, ku Amereka ndi maiko ena akutari, amene amataya ndalama zambiri kuti angoona dziko ali pa zenera. Tsiku lina ndinaona mkulu wina wa imvi mwa alendowo atagwada pa miyala, ali kujambula citsulo cadzimbiri cimene ife timacilumpha masiku onse. Anyamata ogulitsa nthoci anamseka. Inenso ndinaseka, koma pobwerera kwathu ku Libala ndinadzifunsa kuti, kodi mlendoyu waona ciani cimene ife eni mudzi sitiona? Tsono ndalemba pano zimene ndapeza.

CIYAMBI CA NJANJI

Njanji inalowa m'dziko muno kucokera kumwera. Cecil Rhodes anafuna kuti icoke ku Cape Town kufikira ku Cairo, ndiponso kuti iwoloke Zambezi pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, kuti nkhungu ya madzi idzigwera pa ngolo. Iye anamwalira m'caka ca 1902 osauona ulalowo. Zitsulo zace zinasulidwa ku Darlington, ku Mangalande, ndi a Cleveland Bridge, ndipo ulalo unatsegulidwa pa 12 September 1905. Utali wace ndi mamita 198, ndipo madzi ali pansi pace mamita 128.

Omanga njanji, a George Pauling, sanadikire kuti ulalo uthe. Pa cingwe cacitsulo cimene omanga ulalo anaika pamwamba pa phompho, anaolotsa nyanga za njanji ndi mitanda yace. Anaolotsanso kainjini kakang'ono dzina lace Jack Tar, atakamasula zidutswa-zidutswa, nakalumikizanso tsidya lino. Kameneko ndiko kanali koyamba kulira m'dziko lathu, ndipo kanasungidwa m'nyumba ya zakale za njanji ku Bulawayo.

Njanji inali ya mzere umodzi, motero panafunika malo opatukirana sitima pa mailosi ngati 20 ali onse. Malo amodzi otere anagwera pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka m'caka ca 1905, ndipo Azungu analemba dzina la mfumuyo pa cikwangwani. Panalibe mtsinje waukuru kapena mgodi. Panali dambo, miyala ya laimu ndi pfumbi. Koma popeza sitima inaima pamenepo, alimi anadza ndi ngolo zao za ng'ombe, amalonda namanga masitolo moyang'ana njanji, ndipo mseu wa masitolowo ndiwo Cairo Road. M'caka ca 1906 njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, ndipo caka comweco unatha ulalo wa pa Kafue wa zigawo 13, umene masiku amenewo unali wautali koposa maulalo onse a mu Afirika. M'caka ca 1909 njanji inakhudza malire a Congo. Pamene Boma linafuna likulu latsopano pakati pa dziko, linasankha Lusaka, nilisamuka ku Livingstone m'caka ca 1935. Cikhala kuti wopima njanji anakhoma cikhomo cace mailosi asanu patsogolo, bwenzi Libala ndi Kabwata ali chire kufikira lero.

MA GARRATT NDI ANTHU ACE

Injini imene alendo amaifunsa kawiri-kawiri ndi Garratt, yopangidwa ndi a Beyer, Peacock ku Manchester. Njanji yathu ndi yopapatiza, mapazi 3 ndi mainchesi 6, ndipo iri ndi zokhota ndi zitunda. Injini yaitali ya thupi limodzi sikadatha kukhota bwino. Tsono Garratt anaipanga ya zigawo zitatu zolumikizana: mphika wa nthunzi pakati, tanki la madzi patsogolo, malasha pambuyo, ndi magudumu oyendetsa ku mbali zonse ziwiri. Pokhota inkapinda thupi ngati bongololo, ndipo mphamvu yace inali ngati ya injini ziwiri. Zazikuru koposa zinali za gulu la 20, zimene zinafika kuyambira m'caka ca 1954. Moto wace unali waukuru kotero kuti malasha ankaponyedwa ndi makina m'malo mwa fosholo. Ncito yao inali kukoka malasha a ku Wankie kunka ku migodi ya mkuwa, ndi kutsika nao mkuwawo.

Mabuku a alendo amachula manambala a injini, koma za anthu amene anaziyendetsa amanena pang'ono. Ogwira khasu ndi piki pomanga njira, oyala mitanda, othira malasha ndi madzi, ochotsa phulusa, onsewo anali anthu akuda. Mpando wa woyendetsa unali wa Mzungu kwa zaka zambiri. Paulendo munthu wakuda ankakwera ngolo ya folo kalasi, pa mabenchi a matabwa, ndi mphasa, nkhuku ndi ana pamodzi. M'mwezi wa October 1945 anchito a njanji anakana ncito ku Bulawayo cifukwa ca kucepa kwa malipiro, ndipo sitalakayo inakwera ndi njanji kufikira kuno. Pambuyo pace Dixon Konkola anatsogolera bungwe la anchito a njanji ku Broken Hill.

Ife a kum'mawa njanji sinatifike. Agogo anga ankasimba kuti anacoka ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata, nayenda pansi masiku ambiri, naoloka Luangwa, kuti adzakwere sitima ya ku migodi. Usiku woyamba anagona kutari ndi siteshoni, poopa cinthu copuma utsi cimene cinalira ngati njobvu yolasidwa. Ambiri otere sanapitirire. Anapeza ncito pompano, ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene Cinyanja cinamera m'mzinda wa pa dziko la Asoli ndi Alenje. Chipata inaona njanji m'caka ca 2010, yocokera ku Mchinji.

ZIMENE ALENDO AMADZERA

Ku Livingstone kunali njanji ina ya a Zambezi Sawmills yonka ku Mulobezi, yotuta matabwa a mukusi opangira mitanda ya njanji. Kampaniyo inkagula injini zokalamba zimene ena anazitaya, ndipo zinagwira ncito kufikira zaka za m'ma 1970. Mbiri yace inakoka David Shepherd, wojambula njobvu ndi masitima wa ku Mangalande, amene anatenga injini imodzi ndi ngolo yace kunka nazo kwao. Zotsala ziri m'nyumba ya zakale za njanji ku Livingstone, pa malo amene kampaniyo inkakonzera injini zace. Ina, nambala 156, inakonzedwanso nikoka sitima ya alendo ya Royal Livingstone Express, imene anthu ankadyeramo cakudya ca madzulo dzuwa likulowa.

Njira ina yokondedwa ndi TAZARA. Azungu a ku Southern Rhodesia atadzilamulira okha m'caka ca 1965, njira ya kumwera inakhala yobvuta. Rhodesia Railways inagawika m'caka ca 1967, ndipo Zambia, Tanzania ndi China anamanga njanji ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufikira ku Kapiri Mposhi, kuyambira 1970 mpaka 1975. Imapyola mapiri ndi mapanga pakati pa Mlimba ndi Makambako, ndi nkhalango ya Selous, kumene wokwera amaona nyama pa zenera. Cimene atate athu anamanga pothawa njala ya malonda, lero mlendo acikwera posangalala.

SITIMA YA PA KHOMO PATHU

Nafenso a ku Libala tinali ndi sitima yathu. M'zaka za m'ma 1990 sitima ya Njanji Commuter inkacoka ku Chilenje, kupyola kwathu ndi ku Kabwata, kulowa m'tauni ndi kupitirira ca ku Matero. Ndinaikwera m'mawa uli wonse ndiri kalaliki wamng'ono, taye m'thumba kuopa thukuta, pamodzi ndi amai a madengu a ku msika. Zaka zimenezo zisanathe inaleka kuyenda. Pang'ono-pang'ono zitsulo zinazulidwa usiku nizigulitsidwa pa sikelo, ndipo pa malo ena a njirayo panamera misika ndi makoma. Mwana wanga wotsiriza sakhulupirira kuti sitima inkalira kuseri kwa nyumba yathu.

Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mkulu uja wogwada pa miyala anadziwa mtengo wa citsulo cimene ife tinaciyesa cabe. Inu owerenga amene muli ndi nkhalamba inagwirapo ncito ya njanji, khalani nayo pansi isanapite, mulembe dzina la siteshoni, caka, ndi ncito imene inkagwira. Ngati muli tikiti lakale, cithunzi kapena nyali m'bokosi, musataye. Injini zina zasungidwa ku Livingstone ndi ku Bulawayo, koma maina a amene anazithira malasha ali m'mitu ya nkhalamba za m'makomboni athu, ndipo nkhalambazo zatsala zowerengeka.