Diso la mbewa likuthandiza kuona chiyambi cha matenda a shuga a ana

Mwana amene akuonda msanga, kumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi akafika pachipatala chaching'ono ngati cha Kasinje m'boma la Ntcheu, dontho limodzi la magazi a pachala lingathe kusonyeza kuti shuga wakwera. Dontholo silingasonyeze chimene chawonongeka m'kati mwa thupi, m'chiwalo chotchedwa kapamba. Apa sitikunena kapamba wotupa ndi malungo uja, koma chiwalo china chimene chili kuseri kwa chifu.

M'chiwalochi muli timagulu ta maselo tomwazikana ngati tizilumba panyanja. Anatitulukira ndi Paul Langerhans ku Berlin mu 1869. N'tating'ono kwambiri, tambiri sitifika ngakhale theka la milimita, ndipo tonse pamodzi sitiposa magawo awiri pa 100 alionse a chiwalocho. Komatu m'menemo ndi mmene mumachokera insulini. Pa matenda a shuga a mtundu woyamba, omwe amakonda kugwira ana ndi achinyamata, asilikali a m'thupi amaukira maselo opanga insuliniwo, ndipo wodwala amadalira jakisoni moyo wake wonse.

Vuto la ochita kafukufuku lakhala lakuti tizilumbati sitioneka bwino pa X-ray kapena pa sikani wamba, ndipo kudula kachidutswa ka kapamba wa munthu wamoyo n'koopsa. Ku yunivesite ya Umeå ku Sweden, gulu la Ulf Ahlgren linapeza njira imodzi: kapamba wa mbewa ya mu labotale amamuviika m'mankhwala mpaka kuwala kuzidutsa, kenako amamujambula mbali zonse akumuzunguza, ndipo kompyuta imasonyeza kachilumba kalikonse pamalo pake. Koma chithunzi chotere n'cha tsiku limodzi lokha, pakuti mbewayo imakhala itafa kale.

Njira yochititsa chidwi kwambiri inalengezedwa mu 2008 ndi gulu la Per-Olof Berggren ku Karolinska Institutet mumzinda wa Stockholm. Iwo anaika tizilumbati m'chipinda chakutsogolo cha diso la mbewa yamoyo. M'menemo timamatirira, timamera mitsempha ya magazi n'kuyamba kugwira ntchito. Popeza khungu lakutsogolo kwa diso n'loonekera ngati galasi, wofufuza amatha kuyang'ana kachilumba komweko pa maikulosikopu sabata ndi sabata osapha nyamayo. Amaona asilikali a m'thupi akufika, akuzungulira kachilumbako, iko n'kumachepa. Amathanso kuona ngati mankhwala amene akuyesedwa akuletsa chiwembucho.

Zimenezi si zamasewera a m'labotale chabe. Mu 2022 dziko la America linavomereza teplizumab, mankhwala amene amafooketsa asilikali oukirawo n'kuchedwetsa matendawa ndi zaka pafupifupi ziwiri mwa anthu amene ali pachiopsezo.

Funso lalikulu kwa Malawi n'lakuti kodi shuga wa ana akuno ndi yemweyo wa ku Ulaya? Kafukufuku wotchedwa YODA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2025, anayeza ana ndi achinyamata 894 ku Cameroon, Uganda ndi South Africa omwe anauzidwa kuti ali ndi shuga wa mtundu woyamba. Pafupifupi 65 mwa 100 alionse analibe zizindikiro za m'magazi zosonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chinaukira kapamba, ngakhale kuti insulini anali nayo yochepa zedi. Kwa ana otere, mankhwala oletsa asilikali a m'thupi akhoza kukhala opanda ntchito, ndipo mbewa zodwala shuga woyambitsidwa ndi chitetezo sizingafotokoze chimene chikupha maselo awo.

Pakali pano chithandizo cha magulu onse awiri n'chimodzi, insulini. Boma la Neno, loyandikana ndi Ntcheu, ndi limodzi mwa malo oyamba kumene ndondomeko ya PEN-Plus inafikitsa chithandizochi kuzipatala za kumudzi, ntchito imene kale inkadalira kwambiri zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.