Chipilala cha ku Lumbini ndi Thanthwe la ku Kaphirintiwa

Aphunzitsi anzanga, tsiku lina ndinali kuuza ana za otsata chiphunzitso cha Buddha, amene amayenda ulendo wautali kukaona kumene anabadwira mphunzitsi wao. Mtsikana wina anaimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi makolo athu analibe malo otere?" Ndinachita manyazi, pakuti za ku Asia ndinazidziwa bwino koposa za kwathu. Tsono ndalemba nkhani iyi kuti tilinganize malo awiri akale, ndi kuona chimene chinasunga mbiri yao.

Lumbini ali m'dziko la Nepal, kufupi ndi malire a India. Kumeneko anabadwira Siddhartha Gautama, wotchedwa Buddha, zaka zoposa 2,400 zapitazo. Cha m'chaka cha 249 Kristu asanabadwe, mfumu yaikulu Ashoka anafika pamalopo naimika chipilala cha mwala, nalembetsapo mau onena kuti Buddha anabadwira pomwepo, ndi kuti mfumu yachepetsa msonkho wa mudziwo. Alendo anadza ochokera kutali. Faxian wa ku China anafika m'zaka zoyamba za 400, Xuanzang m'zaka za 630, ndipo onse awiri analemba zimene anaona.

Pambuyo pake ulendo wa opembedza unaleka, thengo linamera, ndipo malowo anaiwalika zaka mazanamazana. Koma mu 1837 James Prinsep anatulukira kawerengedwe ka zilembo zakale za Brahmi, ndipo mu December 1896 anthu anakumba m'tsinde mwa chipilala chija napeza mau a Ashoka ali chikhalire. Lero mlendo wofika ku Lumbini amaona chipilalacho, dziwe lopatulika, maziko a njerwa a nyumba zakale ndi kachisi wa Maya Devi, mai wake wa Buddha. Mu 1997 bungwe la UNESCO linawerengera malowo pakati pa chuma cha dziko lonse.

Tsono tibwerere kwathu, pakuti funso la mtsikana uja lili ndi yankho. M'mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique, muli Kaphirintiwa. Achewa akale anati pamenepo Chauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi nyama ndi mvula, ndi kuti mapazi ao anadinda pathanthwe lisanaume. Pomwepo panali kachisi wa mvula, amene pambuyo pake anasamukira ku Msinja, m'boma la Lilongwe. Mwini kachisi anali mkazi wa mfunda wa Banda, wotchedwa Makewana, ndiko kuti mai wa ana. Iye sanamete tsitsi lake, pakuti anthu anakhulupirira kuti kumeta kukadaletsa mvula. Anatumikiridwa ndi akazi otchedwa Matsano ndi mwamuna wotchedwa Kamundi, ndipo Tsang'oma ndiye anasunga ng'oma yopatulika, Mbiriwiri. Pa chilala mafumu, ngakhale a kutali, anatuma amithenga ao ndi nsembe, monga nsalu yakuda ndi ziweto zakuda, kukapempha mvula. Taonani, makolo athunso anali ndi ulendo wao wa kumalo opatulika.

Cha m'zaka za 1870 nkhondo ya Angoni inapasula Msinja, ndipo ngakhale kachisi anamangidwanso, ulemerero wake woyamba sunabwerere. Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu. Ashoka anamanga ndi mwala nalembapo. Makolo athu anamanga ndi mitengo ndi udzu, zimene moto ndi chiswe zimatha msanga. Thanthwe la ku Kaphirintiwa lilipo, koma palibe chilembo. Likapanda munthu wolifotokoza, lili mwala chabe. Zimene tidziwa za Makewana zinakhala m'kamwa mwa nkhalamba kufikira ena anazilemba. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, anafunsa akuluakulu nalemba buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za 1940, ndipo W. H. J. Rangeley anasindikiza nkhani ya Makewana mu 1952. Tisaiwale kuti woyambayo anali mphunzitsi monga ife.

Kuno ku Lundazi tikhala pamodzi Achewa a Mwase, Atumbuka ndi Angoni. M'kalasi limodzi muli zidzukulu za iwo amene anathawa nkhondo ndi za iwo amene anaiponya, ndipo tisaphunzitse mbiriyi kuti tiutse mlandu, koma kuti ana adziwe kumene achokera. Atumbukanso anali ndi malo ao a Chikhang'ombe m'dziko la Rumphi, ndipo midzi yambiri inali ndi kachisi wake wamng'ono patsinde pa mtengo wa msolo. Kodi ndi angati mwa ana athu angathe kuloza mtengo wotere? Amene akumbukira ali kutha chaka ndi chaka.

Kapena wina adzati, "Kodi nkoyenera kuti mphunzitsi wa Mishoni afufuze za nsembe zakale?" Ine nditi nkoyenera. Paulo pofika ku Atene anayamba wayenda m'mudzi napenya zopembedza zao, nawerenga zolembedwa paguwa la nsembe, ndipo pamenepo anayamba ulaliki wake. Kudziwa sikuli kupembedza. Munthu wosadziwa m'mene makolo ake anafunira Chauta sangathe kuyamika mokwanira kuunika kumene analandira.

Chotero ndipempha kuti pa tchuthi chikudzachi mphunzitsi aliyense atenge kope limodzi, akakhale pansi mwaulemu pamaso pa agogo a m'mudzi mwake. Afunse dzina la phiri, la dziwe ndi la mtengo kumene anathirira nsembe, mfunda umene unasunga malowo, ndi zimene anthu anachita pa njala ya 1949. Alembe tsiku ndi mudzi, asaonjezepo kanthu ka m'mutu mwake, ndipo kopelo lisungike pasukulu. Akale anati, mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma mau agonera pokhapo pali wowasunga. Ife tilibe chipilala cha Ashoka, koma tili ndi cholembera, ndipo agogo akali moyo.