Njerwa za ku Mishoni Anaumba Ndani?

Blantyre ndi mzinda wachikulire kuposa Johannesburg, Harare ndi Nairobi. Mishoni ya Asikotchi inakhazikika kuno mu 1876, pamalo amene Henry Henderson anasankha m'dera la Mfumu Kapeni, ndipo anaitcha dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira ku Scotland. Johannesburg inayamba patapita zaka 10, Harare mu 1890, Nairobi mu 1899. Koma ife a mu Kabula timangodutsa nyumba zakalezi tikuthamangira minibasi, maso ali pafoni.

Ndiye Loweruka lina la mwezi wa June, kunja kuli chiperoni, tinapangana anthu anayi kuti tiuyende mzindawu wapansi. Mmodzi mwa ife ndi mmisiri womanga nyumba. Wina ndi chemwali wathu uja wosachedwa kutsutsa, amene anabwera atanena kale kuti zinthu za atsamunda sizimusangalatsa.

Tinakumana pa Wenela n'kulowera ku Mishoni, ku tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anayamba kuchimanga mu 1888 ndipo anachitsegulira mu May 1891, chaka chomwenso Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake. Amene anatsogolera ntchitoyo ndi M'busa David Clement Scott. Iyeyu sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo panalibe pulani yojambuliratu. Ankayamba ayala njerwa popanda dothi, aone ngati zikukhala, kenako n'kumanga zenizeni. Scott yemweyo ndi amene anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892, choncho ife olemba Chichewa tili naye ngongole.

Mmisiri wathu sanalabadire nsanja kapena magalasi a m'mawindo. Anangopita pakhoma n'kuyamba kulisisita.

"Amwene, taonani apa," anandiitana. "Njerwa iyi si yofanana ndi iyo. Iliyonse ili ndi chikombole chake. Munthu anakhala pansi kusema zikombole zimenezi."

Ankanena zoona. Pa tchalitchichi pali njerwa za mitundu 81, zoumbidwa ndi dothi la komweko n'kuwotchedwa ndi nkhuni pamalo pomwepo. Amene anaponda dothi, kuumba, kuwotcha ndi kukwera pamwamba anali anthu akuda a m'midzi yozungulira, amene anali asanamangepo nyumba yotere. Patha zaka zoposa 130, khomalo likadali chiimire, ndipo anthu a CCAP akupempheramobe. Komabe nkhani ya tchalitchichi ikamakambidwa, dzina limene limamveka ndi la Scott.

"Mwaona nanga?" anatero chemwali. "Thukuta la agogo athu, ulemu wa mzungu. Ndiye ine ndizijambulitsa pano chifukwa chiyani?"

Sitinamuyankhe. Tinatsikira m'tauni, kudutsa mu Victoria Avenue, kumene kuli holo yakale ya mzinda imene anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Titagula chimanga chowotcha tinakwera chitunda cha ku Mandala.

Mandala House inamangidwa mu 1882, ndipo ndi nyumba yakale kwambiri mwa nyumba za Azungu zimene zatsala m'Malawi. Inali likulu la kampani ya ku Glasgow imene inadzadziwika kuti African Lakes Corporation, yomwe ankaiyendetsa abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu ataona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu, linapita pa nyumba, pa masitolo a kampaniyo m'dziko lonse, mpaka pa dera lonselo. Apa ndinaseka ndekha: mzungu anabwera ndi mayina akwawo n'kutcha mzinda wathu, koma nayenso agogo athu anamutcha lawo, ndipo ndi limene lakhala.

Lero pansi pa nyumbayi pali malo oonetsera zojambula ndi omwera khofi, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Ukakhala pakhonde lake lalitali lija umaiwala kuti malonda a pano ankayenda pamitu ya anthu. Katundu akafika pa sitima ya pamadzi kwa Katunga, mu mtsinje wa Shire, amtengatenga ndi amene ankamusenza kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre, pobwerera atasenza minyanga ya njovu. Amene anakwerapo msewu wochoka ku Chikwawa pagalimoto akudziwa chitunda chimene ndikunena.

Pakhonde pomwepo ndinawakumbutsa anzanga za January 1915. Usiku umene John Chilembwe anayambitsa kuukira, gulu lina la anthu ake linabwera ku Mandala kudzathyola nyumba yosungira mfuti ya kampaniyi. Anangopeza mfuti zochepa, ndipo pasanathe masabata awiri Chilembwe anali ataphedwa. Boma linagumula tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Nachonso chinamangidwa ndi manja a anthu akuda, koma mwini wake analinso wakuda, ndipo chinaphwasulidwa dala. Tchalitchi chimene chili ku PIM lero chinamangidwa pambuyo pake, Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926.

"Ndiye mukundivomereza, achimwene," anatero chemwali.

"Pang'ono," ndinayankha. "Kutsala kwa nyumba zina ndi kugwa kwa zina sikunangochitika mwangozi, zimenezo n'zoona. Koma tikazitaya zotsalazi, tataya chiyani? Scott ali ndi mabuku onena za iye. A Moir ali ndi makalata awo. Munthu amene anaumba njerwa ija alibe china chomuchitira umboni kupatula njerwayo."

Mmisiri wathu anawonjeza kuti iye akamanga nyumba ku Chileka kapena ku Machinjiri, chikwangwani chimatchula mwini nyumba ndi kontirakitala basi. "Ifeyo siginecha yathu ndi khoma, aise. Likawongoka, ndiye dzina langa limenelo."

Maganizo anga ndi akuti nyumba zimenezi tisazione ngati katundu wa eni amene anatisiyira posamuka. Ndi zathu, osati chifukwa atsamunda anali abwino, koma chifukwa dothi lake ndi lathu ndipo manja amene analiumba anali athu. Kuzikonda sikutanthauza kuiwala msonkho wa nyumba ndi thangata. M'malo mwake, ndi pamakoma amenewa pamene nkhani zimenezo zimagwirika ndi dzanja.

Ngati muli ku Blantyre, ulendowu umangofuna nsapato zabwino ndi theka la tsiku. Ndipo mukapita kumudzi, kaya ndi kwa Kapeni, kwa Machinjiri kapena kwa Somba, kafunseni agogo ngati m'banja mwanu munali woumba njerwa ku Mishoni kapena wamtengatenga wa ku Mandala. Akatchula dzina, mulilembe.