WAILESI YA SEFULIYA

M'nyumba mwa agogo anga aakazi ku Chiradzulu muli kathabwa kokhomedwa kukhoma, pafupi ndi zenera. Palibe amene amaikapo kanthu, ngakhale bokosi la machesi. Ndiri mwana ndinkayesa ndi mwambo wa mpingo, kufikira tsiku limene mayi anandiuza kuti pamenepo m'pamene pankakhala wailesi ya agogo aamuna, ndipo kuti inagulitsidwa mu February 2002, ine ndiri m'mimba. Pa tchuthi chapitachi ndinaganiza zokaifunafuna. Ndiulule kuti ndinali ndi cholinga chinanso. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anatiuza kuti aliyense alembe mbiri ya chinthu chimodzi chogwirika ndi manja, ndipo ine ndinaona kuti apa ndapeza pozembera laibulale. Sindinaizembe ayi.

Ndinayambira mu msika wa Ndirande, kumunsi kumene amagulitsako zitsulo zakale. Amene sanafikeko aganize za kaunjika, koma m'malo mwa malaya muikemo dzimbiri. Pali mitu ya makina osokera a Singer, nyali za Tilley zopanda magalasi, mapulaimasi, masikelo, mabokosi achitsulo a anthu apaulendo, mbale zoyera za mkombero wabuluu, ndi simbi za makala, zina zokhala ndi katambala pa chotsekera. Ogula alipo amitundu iwiri. Ena akufuna chinthu choti akagwiritse ntchito: telala amene makina ake afa, kapena mayi amene watopa ndi kuthimathima kwa magetsi. Ena, ochepa koma odziwika ndi nsapato zawo, akufuna chinthu choti chikangokhala pabalaza kapena pa malo ogona alendo kunyanja, anthu azichiyang'ana. Ndinaona mayi wina atanyamula simbi, akuitembenuza, nati adzadzalamo maluwa. Wogulitsa sanaseke. Anangotchula mtengo umene sanautchule kwa bambo amene anafunsa simbi yomweyo poyamba.

Mchitidwe wogula zakale pofuna kukongoletsa nyumba suli wa kwathu kuno. Ku Paris, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu otola zinyalala ndi nsanza anakankhidwira kunja kwa malinga a mzinda, nayamba kuyala katundu wawo ku Saint-Ouen. Msika umenewo unatchedwa dzina lonyoza, msika wa utitiri, poganiza kuti m'mipando ndi m'zovala zakalezo ndimo munkagona tizilomboti. Lero ndi malo amene anthu a ndalama amakasankhako mipando ndi magalasi a makolo a anthu ena. Ku London kulinso Portobello Road. Koma ndikaganiza bwino, kusiyana kulipo. Kumeneko zambiri zogulitsidwa zinatsika kuchokera m'nyumba za olemera. Za ku Ndirande zinakwera movutikira kulowa m'nyumba za osauka, ndipo chirichonse chinalipiridwa ndi zaka za munthu.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Boma la Atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, munthu wa ku Nyasaland anayenera kupeza masheleni, afune asafune. Kwathu ku Chiradzulu kunalinso thangata m'minda ya Azungu, limene linali chimodzi mwa zinthu zimene zinautsa nkhondo ya Chilembwe mu 1915. Tsono amuna ambiri anaona kuti kuli bwino kukavutikira kutali kumene malipiro anali okwerako: ku Salisbury, ku Wankie, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ndi ku Joni kudzera mwa Wenela. Wobwerako ankayesedwa ndi zimene zinali m'bokosi lake. Bulangete, jekete, njinga, galamafoni, makina osokera: izi ndizo zinali umboni kuti munthu sanangokatchona. Zina zinkagulidwa konkuno m'sitolo za Mandala, za Kandodo ndi za Amwenye, komabe ndalama yake inali yochokera kumeneko. Njira ya Wenela inadulidwa mu 1974, ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70. Katundu wa nthawi imeneyo ndiye wayalidwa pa masaka ku Ndirande lero.

Agogo anga anagwira ntchito ku Kitwe, ndipo m'bokosi mwawo munabwera wailesi. Apa m'pamene laibulale inandigwira.

Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inatsegulidwa mu 1941, nthawi ya nkhondo yachiwiri, kuti anthu azimva za abale awo amene anali ku usilikali. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, anafuna kuti nyumbayi izilankhula kwa Aafirika a m'maiko onse atatu, ndiko kuti ma Rhodesia awiri ndi Nyasaland. Vuto linali lakuti omvera analibe chomverera. Mawailesi a nthawiyo anali odula ndiponso ofuna magetsi. Franklin anayendayenda ku makampani a ku Britain kufikira a Ever Ready anavomera, pakuti iwo anali opanga mabatire ndipo anaona patali. Mu 1949 inatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special: yozungulira ngati sefuliya yoimikidwa chammbali, yopakidwa utoto wabuluu, mabowo ake otsekedwa ndi kawaya kuti mphemvu ndi chiswe zisalowemo. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake masheleni 25, ndipo batirelo linali lalikulu kotero kuti wailesi inkakhala pamwamba pake. Taonani chaka chimenecho: 1949, chaka cha njala yaikulu ku Blantyre ndi maboma oyandikana nako. Akazi kuno akukumba mizu, ku Lusaka akuyesa sefuliya yopanda nsima.

Sefuliyayi inalankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Inaimba nyimbo za Alick Nkhata, inawerenga makalata a moni ochokera kwa amuna a ku migodi kupita kwa akazi awo kumudzi. Boma linaiyesa chida chophunzitsira anthu ukhondo, ulimi ndi kumvera. Koma pamene linayamba kuigwiritsa ntchito poyamikira chitaganya cha 1953, omvera anaitembenukira, ndipo ku Lusaka kunamveka mphekesera yakuti oulutsa mawu ndi anamapopa. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito pa nyumbayo, anasimba zimenezi m'buku lake la 1959 lotchedwa Wayaleshi. Ine ndikuona kuti mphekeserayo inali ndi nzeru yake. Anthu anazindikira kuti mawu okoma aja ali ndi mwini wake.

Agogo aakazi sasimba za Franklin. Amasimba kuti madzulo bwalo lathu linkadzaza, mfumu yeniyeniyo kukhala pa mpando wa ndalema, ana kuthamangitsidwa akayandikira batire. Amati mu March 1959, usiku wa masiku amene Kamuzu ndi anzake anamangidwa, agogo aamuna anailowetsa m'nyumba, natsitsa mawu, anthu namvera atatsamira khoma kunja. Inalankhulabe MBC itayamba mu 1964. Kenaka mabatire ake anasowa m'sitolo, kunabwera timawailesi ta miyala ya tochi, ndipo sefuliya inakwera pa kathabwa paja nikhala chete zaka zoposa makumi atatu. Tinganene kuti agogo anayamba kukongoletsa nyumba ndi zakale mayi wa simbi uja asanabadwe, kungoti iwo sanachite kugula chikumbutso cha munthu wina.

Za 2002 ambiri a ife tinangomva. Zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinapezeka kuti chinagulitsidwa, mtengo unakwera koopsa, ndipo pofika kumapeto kwa February boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi. Anthu anadya madeya ndi zitsa za nthochi. Anagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, kenaka malata, zitseko, mapoto. M'midzi munkayenda anthu a njinga ogula chirichonse. Mmodzi wa iwo anatenga wailesi ya agogo nasiya ndowa ziwiri za chimanga. Mabuku amene ndawerenga amawerenga anthu amene anafa ndi matani amene anasowa. Katundu amene anatuluka m'nyumba miyezi imeneyo sanalembedwe paliponse, koma ndikhulupirira kuti wina mwa iye ndi amene tikumusirira m'mahotela lero.

Tsiku lachitatu, bambo wina wachikulire wa ku Limbe, kumene ananditumiza a ku Ndirande, anatulutsa sefuliya m'thumba la feteleza. Mtima unagunda. Ndinaitembenuza kufuna chizindikiro chimene agogo anandiuza, zilembo ziwiri zimene mwini wake anazokota ndi msomali kumbuyo. Panalibe.

"Si imeneyi, bambo," ndinatero.

"Nanga inu achimwene mukufuna wailesi kapena mukufuna agogo anu?" anandifunsa. "Agogo anu ine ndiribe. Wailesi ndi iyi."

Mtengo umene anatchula unaposa ndalama yanga ya chakudya ya teremu yonse. Ndinadandaula kuti chinthucho sichilankhula n'komwe. Anandiyankha kuti chikanakhala cholankhula bwenzi chiri chotchipa, pakuti ogula ake safuna phokoso. Pamenepo ndinamukwiyira, koma pobwerera m'minibasi ndinalephera kupeza chimene analakwa. Iye sanabe. Anasunga chinthu chimene ena akanachiphwanya kuti apangire mbaula. Ngakhale ineyo, kodi ndinkaifuniranji? Kuti ndikaiike pa kathabwa, ndiziiyang'ana, ndi kulandira malikisi.

Ndinagula chimene ndinakwanitsa: kobiri la chitaganya la 1957, lobowoka pakati, la njobvu ziwiri zoimirira ndi miyendo yakumbuyo. Ndinapita nalo ku Chiradzulu ndi kufotokoza ulendo wonse, ndikuyembekeza kuti agogo amva chisoni. Anamvetsera akusenda nandolo.

"Ukanaipeza ukanatani nayo?" anafunsa. "Ija tinadya, mwanawe. Ndowa yoyamba tinadya tonse. Yachiwiri ndinkabisira amako, chifukwa cha iwe."

Ndinawafunsa chifukwa chake tsono saika kanthu pa kathabwa paja. Anati m'pamwamba, msana sulola. Kenaka anatenga kobiri lija, naliyang'anitsitsa pa dzuwa, nati agogo aamuna ankawatunga pa chingwe makobiri otere kuti asatayike m'thumba. Anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje, nalitunga, nandiuza kuti ndikwere pa mpando ndikalipachike pa msomali wa kathabwa, ndipo potsika ndiwatengere lichero.