Alendo Awiri: Mbiri ya Piyano ndi Gitala

Mwa zida zonse zoimbira zimene zinatipeza kuchokera kutsidya kwa nyanja, ziwiri ndizo zimakonda kuutsa mkangano pakati pa anthu okonda nyimbo: piyano ndi gitala. Ena amati piyano ndiyo mfumu ya zoimbira zonse, chida cha anthu ophunzira, choyenera malo aulemu. Ena amati gitala ndiyo bwenzi la munthu wamba, losasankha nyumba kapena bwalo. Mkanganowu umafika ngakhale m'mabanja mwathu, pamene makolo akulingalira chimene angagulire mwana amene waonetsa mphatso ya kuimba, ndiponso m'makwaya mwathu pamene akhristu asonkha ndalama zogulira chida chatsopano. Tisanagamule, nkwabwino kuti tiyambe tamva kumene alendo awiriwa anachokera ndi njira imene aliyense anadzera, pakuti mlandu wa munthu sauzenga osadziwa kwao.

Poyamba tizindikire kuti awiriwa ndi pachibale. Onse amalira ndi nsambo zokungidwa pamwamba pa thabwa lopyapyala limene limakuza mau, monga momwe zimachitira bangwe ndi zeze za makolo athu. Kusiyana kwao kuli pa chimene chimakhudza nsambo. Woimba gitala amakodola nsambo ndi chala chake chenicheni, pamene woimba piyano saikhudza nsambo nkomwe: iye amadinikiza kiyi, kiyiyo niutsa kanyundo kobisika m'kati, kanyundoko nikamenya nsambo. Kusiyana kwakung'onoku ndiko kunapatsa zida ziwirizi mbiri zosiyana kwambiri.

Piyano ili ndi atate ake odziwika. Anaipanga ndi Bartolomeo Cristofori, mmisiri wa ku Padua amene ankagwira ntchito kunyumba ya kalonga Ferdinando de' Medici mumzinda wa Florence ku Italy, ndipo kaundula wa katundu wa nyumbayo wa chaka cha 1700 akuitchula kale. Masiku amenewo olemera a ku Ulaya anali ndi chida chotchedwa harpsichord, chofanana ndi piyano m'maonekedwe, koma nsambo zake zinkakodoledwa ndi kamtibu ka nthenga. Vuto lake linali lakuti kaya munthu adinikize kiyi mwamphamvu kaya mofatsa, mau ankatuluka pamlingo umodzimodzi. Cristofori anachotsa kamtibu kaja naikapo kanyundo komenya nsambo ndi kubwerera msangamsanga kuti nsamboyo ilire momasuka. Kuyambira pamenepo chala chinatha kunong'ona ndi kufuula. Dzina lenilenilo likunena zomwezo, pakuti m'Chitaliyana piano ndiko kuti motsitsa, ndipo forte ndiko kuti mokweza. Mapiyano atatu a mmisiriyu alipobe, a 1720, 1722 ndi 1726, ndipo akusungidwa ku New York, ku Rome ndi ku Leipzig.

M'zaka za m'ma 1800 piyano inakula pamodzi ndi mafakitale. Mu 1825 Alpheus Babcock wa ku Boston anaiumbira chigoba chachitsulo, ndipo makampani monga Steinway, imene inayamba ku New York mu 1853, anaifikitsa pa msinkhu umene tikuudziwa lero: makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndi nsambo zoposa 200 zimene mphamvu ya kukoka kwake pamodzi imayandikira matani 20. Piyano yoimirira ya m'nyumba imalemera ngati matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50, ndipo yaikulu ya m'nyumba zoimbiramo imayandikira matumba khumi. Imafuna nyumba yolimba, yopanda chinyontho ndi chiswe, ndiponso katswiri woti aziichuna chaka ndi chaka. Chida chotere sichiyendera munthu. Munthu ndiye amachiyendera.

Pali mbali ina ya mbiri imeneyi imene ife a kuno sitiyenera kuidumpha. Makiyi oyera aja, kwa zaka zambirimbiri, ankakutidwa ndi mnyanga wa njovu. Mafakitale a ku Deep River ndi Ivoryton, m'chigawo cha Connecticut ku America, ankacheka minyanga yochuluka yodzera ku Zanzibar, ndipo Zanzibar inkalandira minyanga kuchokera m'kati mwa Africa, kuphatikizapo maiko ozungulira nyanja yathu. Pa Nkhotakota, Jumbe ankaolotsa minyanga ndi akapolo m'zombo zomwezo kupita kutsidya, kumene ulendo wapansi wa ku Kilwa unkayambira, ndipo kawirikawiri mnyanga unkayenda pa phewa la munthu amene iyenso anali kupita kukagulitsidwa. Mtsikana wa ku Boston kapena ku London amene ankaphunzira nyimbo zake zoyamba sankadziwa misozi imene inali pansi pa zala zake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero makiyi amakutidwa ndi pulasitiki, ndipo mu 1989 maiko anagwirizana zoletsa malonda a minyanga pakati pao. Komabe choona nchakuti piyano inadya njovu zathu isanalowe m'nyumba zathu.

Gitala ilibe tate mmodzi amene tingamutchule. Inakula pang'onopang'ono ku Spain ndi ku Italy: m'zaka za m'ma 1500 inali ndi nsambo zinayi zophatikiza ziwiriziwiri, kenaka zisanu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 inafika pa nsambo zisanu ndi imodzi zimene tazizolowera. Anthu apamwamba ankaiyang'anira pansi. Mu 1611 wansembe wina wophunzira wa ku Spain, Sebastián de Covarrubias, anadandaula kuti gitala yatsitsa ulemu wa nyimbo popeza inali itafika m'manja mwa anyamata osamala akavalo. Amene anaipatsa thupi lake la lero ndi Antonio de Torres wa ku Almería, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1817 mpaka 1892. Iyeyu anakulitsa mimba ya gitala nalimbitsa thabwa lapamaso ndi timitengo toyalidwa kunsi kwake ngati nthiti. Pofuna kutsimikiza kuti mau amachokera m'thabwa lapamasolo, mu 1862 anapanga gitala ya msana ndi m'mbali za mapepala oumitsa, ndipo inalira bwino ndithu. Ikusungidwa ku Barcelona. Pambuyo pake Andrés Segovia anailowetsa m'nyumba zazikulu zoimbiramo kumene kale kunkalamula piyano, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ku America kunabadwa gitala yamagetsi. Koma mphamvu yake yeniyeni inakhalabe yomwe ija: siifika ngakhale makilogalamu atatu, ndipo munthu amaikoleka kumsana nkumapita.

Ambiri a ife timaganiza kuti piyano ndiyo chida cha m'tchalitchi kuyambira kale, ndipo gitala ndi mlowam'malo wa dzulodzuloli. Mbiri ikutiuza zina. Chida chimene Mpingo unachilemekeza kwa zaka mazanamazana ndi limba lalikulu la mipope, lolira ndi mphepo. Piyano inkawerengedwa ngati chida cha m'nyumba zosangalaliramo, kotero kuti mu 1903 Papa Pius X, pokonza malamulo a nyimbo zopatulika, anailetsa m'tchalitchi pamodzi ndi ng'oma. Gitala nayo, pa usiku wa Khrisimasi wa 1818, inali italira kale m'tchalitchi cha St. Nicholas ku Oberndorf, pafupi ndi Salzburg, pamene wansembe Joseph Mohr ndi mphunzitsi Franz Gruber anaimba koyamba nyimbo ya Stille Nacht, imene lero imaimbidwa m'zinenero zosawerengeka. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unasunga ulemu wa limba la mipope, koma unatsegula khomo kwa zida zina zoyenera, nulamula kuti nyimbo za mitundu ya anthu zipatsidwe malo ake. Pa khomo limeneli ndi pamene ng'oma, gitala ndi piyano zinalowera limodzi.

Kuno kwathu alendo awiriwa anafika pa njira zosiyana. Amishoni anabwera ndi kalimba kakang'ono kopopa ndi mapazi, kamene kali ndi makiyi ngati piyano koma kamalira ndi mphepo, ndipo anthu anakapatsa dzina la limba, limene makolo anali nalo kale pa zida zao za timatabwa. Limbalo linakhala pamishoni, lokhoma ndi kiyi, ndipo ankaligwira ndi bambo, sisitere kapena mphunzitsi mmodzi wosankhika. Piyano yeniyeni inkapezeka m'nyumba za Azungu ndi m'masukulu owerengeka. Gitala inabwera pa mapewa a abale athu omwe. Anabwera nayo amuna ochokera ku migodi ya Johannesburg, ku Bulawayo ndi ku Salisbury, amene lero ndi Harare, ndiponso asilikali obwera ku nkhondo imene inatha mu 1945. Inatsika m'sitima pamodzi ndi bulangete, njinga ndi galamafoni, nifikira pakhonde, pamene ana onse a m'mudzi ankatha kuiona ndi kuikhudza.

Ndipo manja athu sanachedwe kuisandutsa yathu. Mnyamata wosowa ndalama ankatenga chigoba cha galoni, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga, nadzipangira banjo kapena gitala yake. Oimba ankamasula ndi kukunga nsambo mwa njira zao kuti zigwirizane ndi nyimbo za kwao. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anatisiya mu 1987, ankachotsa nsambo imodzi nkumaimba ndi zisanu, chala chachikulu chikugunda ngati ng'oma pamene chala chinzake chikuyankha ngati mzimayi wothira mang'ombe. Ena, monga Ndiche Mwarare, ankagoneka gitala pamiyendo nkumatsetsereza botolo pa nsambo, kaimbidwe kamene kanatchuka ndi dzina lakuti hauyani. Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, anafikitsa madandaulo a anthu osauka pa wailesi ya dziko lonse ndi zida zosafuna magetsi. Mu 1978, pa parishi ya Balaka, Paul Banda ndi anzake, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, anayambitsa Alleluya Band, imene yalera oimba ambiri a dziko lino.

Piyano siikanalola zoterezi. Mau ake anaikidwiratu ndi mmisiri pa makwerero khumi ndi awiri ofanana a kaimbidwe ka ku Ulaya, ndipo pakati pa kiyi ndi kiyi palibe pogwira. Valimba ya Asena a kuchigwa cha Shire imagawa mtunda womwewo m'makwerero asanu ndi awiri oyandikira kufanana, kotero kuti mau ake ambiri amagwera pa mpata umene piyano ilibe. Gitala nayonso ili ndi timizere tachitsulo pakhosi pake totsata makwerero a ku Ulaya omwewo, koma chala chimatha kukoka nsambo, botolo limatha kutsetsereka, ndipo mau amapindika kutsata lilime la woimba.

Tisailakwire piyano, pakuti ili ndi mphatso zimene gitala ilibe. Pa iyo nyimbo yonse imaoneka ndi maso, mau aang'ono kudzanja lamanja ndi mau aakulu kudzanja lamanzere. Munthu mmodzi amatha kuimba nthawi imodzi sopulano, aluto, tenala ndi besi, ndipo nchifukwa chake mphunzitsi wa kwaya ndi wopeka nyimbo amaipeza yothandiza koposa. Ndiponso pamene ana a Africa anaipeza pafupi, anailankhulitsa chinenero chao: m'makomboni a Johannesburg a m'ma 1920 ndi 1930 kaimbidwe ka marabi kanabadwira pa malimba opopa ndi mapiyano akutha, ndipo mu 1974 Abdullah Ibrahim wa ku Cape Town anajambula Mannenberg, nyimbo ya piyano imene inalimbitsa mitima ya anthu m'masiku a tsankho. Chimene chinatsekereza piyano kwathu kuno ndi mtengo wake ndi kulemera kwake.

Pa kaphunziridwe, zida ziwirizi zimayesa mwana mosiyana. Piyano imamlandira ndi manja awiri tsiku loyamba, popeza kiyi iliyonse imatulutsa mau oyera, koma pambuyo pake imamfunsa zaka zambiri kuti manja awiri aphunzire kuyenda njira ziwiri. Gitala imayamba ndi kuluma: nsonga za zala zimatupa, mau amatuluka osasa, ndipo ambiri amaisiya mwezi woyamba. Wopirira, zala zikachita zikang'a, amapeza kuti ndi magwiridwe atatu okha angathe kuperekeza nyimbo zambiri. Konsekonse, kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuyambira cha m'ma 1980 makampani a ku Japan monga Yamaha ndi Casio anaipatsa piyano miyendo. Kiyibodi yamagetsi njopepuka, siifuna kuchuna, ndipo yafika m'matchalitchi a kumidzi kumene piyano siikanafikako. Tiyamike zimenezi. Koma m'kati mwake muli ng'oma zopangiratu, zimene zimagunda mofanana pa nyimbo ya maliro ndi pa nyimbo ya ukwati, ndipo pali kabatani kamene kamamchotsera woimba ntchito yophunzira makiyi onse. Taona m'malo ambiri ng'oma zachikopa zitaunjikidwa kuseri kwa chitseko, anyamata amene ankaziimba atakhala manja lende, ndipo mpingo wonse ukuthamangira liwiro la makina m'malo moti chida chitsate mpweya wa anthu.

Mbiri ya alendo awiriwa ikutipatsa muyeso wabwino. Gitala inakhala mwana wa m'mudzi chifukwa tinatha kuinyamula, kuikonza ikathyoka, kuipanga tokha ndi kuipinda kuti inene zathu. Chida chilichonse chimene tigulira ana athu kapena kwaya yathu tichifunse mafunso omwewo. Ngati ndi kiyibodi, mwana aphunzire kuiimba ndi manja onse awiri, ng'oma za m'katimo zitazimitsidwa, ndipo anzake agwire ng'oma zenizeni ndi maseche. Ngati ndi gitala, isamangokhala m'manja mwa mnyamata mmodzi. Ayiphunzire ndi alongo ake omwe. Ndipo madzulo ena, magetsi atazima, banja liyese kuimba popanda chida chilichonse, kuti ana adziwe kuti nsambo zonse za Cristofori ndi za Torres zinakungidwa pofuna kutsanzira mau amene iwo anabadwa nao.