Polycarp wa ku Smyrna, nkhalamba imene inakana kutukwana Khristu

Mzinda wa Izmir, m'dziko la Turkey, kale unkatchedwa Smyrna. Cha m'ma 155, m'bwalo la zamasewero la mzindawu munaphedwa bishopu wokalamba dzina lake Polycarp. Za imfa yakeyo timazidziwa chifukwa mpingo wake unalemba kalata yopita kwa Akhristu a ku Philomelium, kufotokoza zonse zimene zinachitika.

Irenaeus, amene anadzakhala bishopu wa ku Lyon, ankamvera Polycarp akuphunzitsa iye akadali mnyamata. Mpaka kukula ankakumbukirabe malo amene mkuluyo ankakhala pophunzitsa, kayendedwe kake, ndi mmene ankasimbira macheza ake ndi Yohane komanso ena amene anamuona Yesu ndi maso. Polycarp anali wa mbadwo womva kwa oona, ndipo ntchito imene anadzipatsa inali yosunga chimene analandira, osawonjezera, osachotsapo. Kalata yake kwa Afilipi ili choncho kumene: nzeru zachilendo mulibemo, mwangodzaza mawu a Paulo ndi Petro.

Sanali munthu wa makani pa chilichonse. Atapita ku Roma kukaonana ndi bishopu Anicetus, awiriwa anasiyana pa tsiku la Pasaka. A ku Asia, kwawo kwa Polycarp, ankasunga mwambowu pa 14 mwezi wa Chiyuda wa Nisan, ndipo Polycarp anati umu ndimo anaphunzirira kwa Yohane. Palibe amene anagonja, komabe Anicetus anamulola mlendoyo kutsogolera Ukaristia mu mpingo wake, nasiyana mwamtendere. Koma Marcion, amene ankakana Chipangano Chakale, atamufunsa ngati akumuzindikira, Polycarp anamutcha mwana woyamba wa Satana.

Mazunzo atabuka ku Smyrna, Mkhristu wina wa ku Phrygia, Quintus, anakadzipereka yekha kwa akuluakulu a boma, nakokanso anzake. Ataona zilombo m'bwalo muja mtima unamuchoka, ndipo anapereka nsembe imene akuluakuluwo ankafuna. Polycarp sanaithamangire imfa. Anamvera abale ake nakabisala kumunda kunja kwa mzinda, kenako anasamukira kwina. Asilikali anagwira kapolo wapanyumba namuzunza mpaka anaulula. Ine ndimaona kuti olemba kalata aja anaika dala nkhani ya Quintus ndi ya Polycarp moyandikana.

Asilikali aja anamupeza Polycarp Lachisanu madzulo m'chipinda chapamwamba. Iye anatsika, nauza anthu kuti awakonzere chakudya omugwirawo, nangopempha nthawi yopemphera. Anapemphera chiimire maola awiri. Popita mumzinda, mkulu wa apolisi, Herod, ndi bambo ake Nicetes anamukweza m'ngolo yawo n'kuyamba kumunyengerera: kodi kutchula Kaisara kuti mbuye ndi kufukiza lubani pang'ono n'chinthu chofera? Atakana, anamutsitsa mwankhanza moti anasupuka msongolo. Anangopitirira kuyenda ngati palibe chachitika.

M'bwalomo bwanamkubwa, Statius Quadratus, anamuuza kuti aganizire za ukalamba wake, alumbire pa Kaisara ndi kutukwana Khristu kuti amasulidwe. Polycarp anayankha kuti wamutumikira Khristu zaka 86 ndipo Khristuyo sanamulakwirepo ngakhale kamodzi, ndiye angachitire bwanji mwano Mfumu imene inamupulumutsa. Bwanamkubwayo anamuopseza ndi zilombo, kenako moto. Sanasunthike.

Nkhuni zitaunjikidwa anavula yekha zovala, nayesa kumasulanso nsapato, chinthu chimene sanazolowere chifukwa Akhristu ankalimbirana kumuchitira. Anakana kukhomeredwa ndi misomali, akuti aima yekha, choncho anangomumanga. Kalatayo imati moto sunamunyeketse, ndipo anachita kumubaya ndi mpeni. Boma linawamana Akhristu mtembo wake n'kuutentha, iwo anangotola mafupa otsala nakawaika pamalo oyenera, pomwe anapangana kuti azikumanapo chaka ndi chaka. Akatolika, a Orthodox ndi Aanglikani amamukumbukirabe pa 23 February.